Munati tizichirira kuchipatala, tabwera. Nanga adokotala ali kuti?

Amayi, atsikana, ndi inu abambo amene mumayenda nafe pa tsamba lino, tiyeni lero tikambe za chipatala.

Pali mawu amene akumveka kwambiri masiku ano m'maminibasi, m'magulu a WhatsApp, ngakhale pa wailesi anthu akamaimba foni. Akuti boma lalephera kuyendetsa zipatala, ndiye lingozisiya. Akuti bola tizilipira, a bizinesi alowemo, mwina tingamaonane ndi dokotala. Ena akuti madokotala akusowa chifukwa boma limalowerera paliponse: ndilo lolemba ntchito, ndilo losamutsa anthu, ndilo logula mankhwala, ndipo chilichonse chimene lagwira chimathera m'madandaulo.

Mkwiyo umenewu tikuumva, ndipo ndi wathu womwe. Ndife amene timalawira m'bandakucha kukakhala pa mzere, n'kubwerako madzulo ndi kapepala kolembedwa dzina la mankhwala oti tikagule ku famase. Koma pa mfundo yoti boma lichoke m'zipatala, ife tikuti ayi. Chimene chikutipha n'chakuti boma limapezeka pamene silikufunika, n'kusowa pamene moyo wa munthu ukulidikira. Tsiku lodula riboni limafika ndi mdipiti wa galimoto. Tsiku lolemba ntchito anamwino, akuti ndalama palibe.

MBALI YATHU TINACHITA

Tikumbutsane kumene tachokera. Mu 2007 boma linaletsa azamba a kumudzi kuchiritsa amayi, n'kunena kuti woyembekezera aliyense azikachirira kuchipatala. A Bingu wa Mutharika anafewetsako chiletsochi mu 2010, koma uthenga sunasinthe. Mafumu anaika malamulo a m'midzi, ndipo m'madera ambiri mayi wochirira pakhomo kapena panjira ankalipitsidwa chindapusa, kwina nkhuku, kwina mbuzi, kwina ndalama. A Joyce Banda atalowa utsogoleri mu 2012 anaikapo mtima pa uchembere wabwino, ndipo nyumba zodikirira zinamangidwa pa zipatala zingapo.

Amayi tinamvera. Tinayamba sikelo. Tinalongedza zitenje, lumo, beseni ndi pepala la pulasitiki, n'kukagona kuchidikiro milungu iwiri kapena itatu, tikuphika pa mafuwa kuseri kwa chipatala. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 91 mwa ana 100 alionse ankabadwira kuchipatala. Phindu lake linaoneka ndithu. Mu 2004, amayi 984 ankamwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo. Mu 2010 chiwerengerocho chinatsika kufika 675, ndipo mu 2015-16 chinali 439.

Koma 439 si nambala yoombera m'manja, abale. Chimapha amayiwa n'chodziwika: kutaya magazi atachira, kuthamanga kwa magazi kumene kumafika pokomola, matenda olowa m'chiberekero, mwana kukanirira panjira, ndi kuchotsa mimba m'njira zoopsa. Zonsezi zili ndi chithandizo chake. Mayi amene akutaya magazi atachira angathe kutisiya m'maola awiri okha ngati palibe womuthandiza. Khoma lopaka penti siliimitsa magazi. Amaimitsa magazi ndi munthu wophunzira, amene ali pafupi, jakisoni ali m'manja, ndipo sanagwe ndi tulo.

TIKAFIKA TIMAPEZA NDANI?

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati dziko liyenera kukhala ndi madokotala, anamwino ndi azamba pafupifupi 45 pa anthu 10,000 alionse kuti chithandizo chifikire aliyense. Malawi ali kutali kwambiri ndi pamenepo. Tikawerenga madokotala okha, sitikwanitsa ngakhale mmodzi pa anthu 10,000. N'chifukwa chake mu 2023 WHO inaika Malawi pa mndandanda wa maiko 55 amene akusowa kwambiri ogwira ntchito zaumoyo.

Ochepawonso sanagawidwe mofanana. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Koma madokotala ambiri, makamaka akatswiri, ali ku Queens ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Zomba. Pa chipatala cha boma laling'ono mungapeze madokotala owerengeka ndi zala za dzanja limodzi, ndipo wina mwa iwo ndiye bwana wa zaumoyo m'boma lonselo, tsiku lake limathera ku misonkhano ndi mapepala.

Amene timawatcha adokotala kumudzi nthawi zambiri ndi ma medical assistant ndi ma clinical officer. Tiwapatse ulemu wawo, chifukwa ma clinical officer ndiwo amachita maopaleshoni ambiri ochiritsa amayi m'zipatala za m'maboma, ndipo popanda iwo maliro akanachuluka kuposa pano. Koma nawonso sakwanira. Pitani pa chipatala chaching'ono usiku. Namwino ndi mmodzi, yemweyo anagwira sikelo masana, yemweyo adzutsidwa pakati pa usiku. Afike amayi awiri nthawi imodzi, wina mwana watsogoza miyendo, wina akutaya magazi, ayambe ndani? Aimbe foni kuitana ambulansi, amuuze kuti ilibe mafuta kapena yapita kwina. Pamenepo ndiye achibale amayamba kusakasaka kabaza, mayi ali pa ululu.

KODI N'ZOONA KUTI KULIBE ANTHU OPHUNZIRA?

Apa ndiye pamene nkhaniyi imapweteka mtima. Kale tinkati tilibe madokotala chifukwa tinalibe sukulu yawo, ana athu ankakaphunzira kunja ndipo ambiri sankabwerera. Koma College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Pali Malawi College of Health Sciences, pali Mzuzu University, pali masukulu a anamwino a mipingo ku Nkhoma, ku Ekwendeni, ku Malamulo, ku Mulanje Mission ndi kwina. Chaka chilichonse akutulutsa achinyamata odziwa ntchito, ambiri mwa iwo atsikana. Makolo anagulitsa mbuzi, fodya ndi soya kuti alipire fizi. Misonkho yathu inathandizira kuwaphunzitsa.

Akamaliza, ambiri amangokhala pakhomo. Mu 2015 madokotala oposa 50 amene anali atangomaliza maphunziro anakhala miyezi osalembedwa ntchito, boma likuti lilibe ndalama, mpaka dziko la Lesotho linayamba kuwakopa. Tangoganizani, dziko losowa madokotala ngati lathuli kuphunzitsira anzathu! Anamwino ndi azamba oti anakhoza mayeso ndipo ali ndi ziphaso akhala akudikira zaka, ena akugulitsa kaunjika, ena akugwira ganyu m'makiliniki a anthu pa malipiro a chitonzo. Mu Juni 2020 unduna wa zaumoyo utaitana anthu kuti adzayesedwe pa ntchito za alangizi a zaumoyo, ku Mzuzu kunasonkhana chinamtindi cha achinyamata mpaka anapondana, ambiri n'kuvulala. Anthu ofuna ntchito alipo. Odwala ofuna chithandizo alipo. Pakati pawo paima cholembera cha amene amagawa bajeti.

Chifukwa chimene amapereka kawirikawiri n'chakuti thumba la malipiro ladzaza, ndipo otibwereka ndalama monga IMF amafuna kuti boma lichepetse zimene limawononga. Chabwino. Koma mu Epulo 2001, ku Abuja m'dziko la Nigeria, maiko a mu Africa analonjezana kuti aziika 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Zaka zambiri ife sitifikapo. Ndalama zoposa theka zimene zimagwira ntchito pa zaumoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja. Kuopsa kwake tinakuona mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lodzera ku USAID: anthu amene ankalipidwa ndi mapulojekiti anangouzidwa kuti asabwerenso, ndipo ntchito yawo inagwera anzawo otopa kale.

Amene alembedwa ntchito nawonso akuthawa. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera, malipiro sanathamange liwiro lomwelo. Ndalama za lokamu, zija amalandira akagwira maola oonjezera, zimachedwa miyezi. Dokotala wachinyamata amene waphunzira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, n'kugwiranso miyezi 18 ya kuphunzira ntchito m'mawodi, akaona mnzake ali ku Botswana, Namibia, South Africa kapena UK, mukuganiza kuti asankha chiyani? Ena sapita kunja, amangolowa m'mabungwe kukalemba malipoti. Timataya munthu wodziwa kung'amba ndi kusoka, n'kupeza wodziwa kukonza misonkhano ku nyanja.

NGONGOLE IMENEYI AMABWEZA NDANI?

Boma likasunga ndalama posalemba namwino, ntchito ya namwinoyo siichoka. Imasamukira kwa munthu wina amene salipidwa, ndipo munthuyo timamudziwa. Ndi gadiyani. Lowani wodi iliyonse, ya abambo, ya ana, ya amayi, muone amene akusambitsa wodwala, kumutembenuza, kutaya mkodzo, kuyang'anira dilipi kuti ikatha akaitane namwino, kuchapa, kuphika kuchitando, kugona pa simenti pansi pa bedi. Ambiri ndi amayi. Ndi mkazi wake, mchemwali wake, mayi ake, apongozi, mwinanso mtsikana wa Sitandade 8 amene wajomba kusukulu milungu itatu chifukwa kunyumba kulibe wina.

Nthawi imeneyo munda ukumera tchire, geni yaima, mpamba wadyedwa, ngongole ya banki m'khonde ikudikira. Palibe buku la boma limene limalemba maola amenewa. Akamati zipatala za boma ndi zaulere, aziwonjezera kuti zikuyenda pa msana wa amayi. Ndipo anamwino ndi azamba amene akugwira ntchito ya anthu atatu, ambiri mwa iwo ndi amayinso, ali ndi ana amene amawasiya usiku. Tikamakangana pa khomo la leba, gadiyani ndi namwino, nthawi zambiri amakhala amayi awiri otopa amene akulipira ngongole ya munthu wina amene wagona bwinobwino ku Area 10.

PAMENE ODANDAULA ZA BOMA AKUNENA ZOONA

Sitikubisa mawu, boma lili ndi mlandu. Mankhwala amagulidwa kudzera ku Central Medical Stores Trust, koma zipatala zimakhala miyezi zilibe mankhwala wamba, ndipo mankhwala olembedwa kuti ndi a boma amapezeka pa msika ndi m'makiliniki a anthu. Cashgate ya 2013 inatisiyira bala, chifukwa abwenzi akunja anasiya kuika ndalama zawo mwachindunji m'thumba la boma. Mu 2021 tinamva za K6.2 biliyoni ya Covid-19, momwe gawo lina linathera m'maalawansi pamene odwala ankasowa mpweya. Pali madandaulo osatha akuti ntchito zimapatsidwa poyang'ana chipani, mtundu kapena chibale, ndiponso akuti wolankhula zoona amasamutsidwira kutali ngati chilango. Andale amakonda kumanga nyumba chifukwa imaoneka pa chithunzi, koma nyumbayo ikatha imakhala yotseka kapena ili ndi munthu mmodzi.

Akuluakulu enieniwo akadwala sakhala pa mzere wathu. Amakwera ndege kupita ku South Africa kapena ku India, nthawi zina pa ndalama za misonkho yathu. Munthu amene sanagonepo pansi m'wodi sangamve changu chogula mabedi. Ndiye wina akati sindikhulupiriranso boma, ife sitimuseka. Tikungomufunsa kuti: boma likachoka, alowe ndani, ndipo adzafika kwa ndani?

MSIKA UMATSATA NDALAMA

Yang'anani kumene kuli zipatala zolipira zikuluzikulu. Zili ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu, kumene kuli anthu a malipiro ndi makadi a inshulansi. Palibe wa bizinesi amene angakamange fiyeta ku Makanjira, ku Nthalire kapena ku Chapananga kuti azichita opaleshoni amayi olipira ndi nkhuku. Sitikumunena, bizinesi ndi mmene imayendera. Kuonjezera apo, zipatala zolipirazo siziphunzitsa madokotala awoawo okwanira, zimatenga omwewo ochepa amene dziko linaphunzitsa. Kuchulutsa zipatala zolipira popanda kuchulutsa ogwira ntchito kuli ngati kusuntha bulangete lalifupi, wafunda kumutu miyendo ili pamtunda.

Umboni wa zimene kulipiritsa kumachita kwa amayi tili nawo konkuno. Zipatala za mipingo za CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo m'dziko muno, makamaka kumidzi, ndipo zimalipiritsa kangachepe. Kangachepe komweko kankabweza amayi pakhomo. N'chifukwa chake kuyambira cha m'ma 2006 boma linayamba kusainirana mapangano ndi zipatalazi, kuti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa ulere, bilu n'kupita ku boma. Kumene mapanganowa anayamba, amayi obwera ku sikelo ndi odzachirira kuchipatala anachuluka. Boma likachedwa kulipira, zipatala zina n'kuyambiranso kulipiritsa, amayi amayambanso kuzengereza. Phunziro lake ndi losavuta: mtengo ukaikidwa pa khomo la chipatala, woyamba kutsala kunja ndi mayi.

Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. M'mabanja ambiri ndalama ya fodya, ya chimanga kapena ya malipiro siikhala m'manja mwa mkazi. Kuti apite kuchipatala cholipira ayenera kupempha, ndipo kupempha kumatenga nthawi. Mayi amadziika kumapeto, amayamba waona kaye mwana, mwamuna, agogo. Chotupa cha m'bere amachipirira. Kutaya magazi kosadziwika bwino amakubisa. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi kwambiri pa dziko lonse, ndipo ambiri amafika kuchipatala matenda atapita kale patali. Zili chonchi kuyezetsa kuli kwaulere. Nanga atati tizilipira?

ZINATHEKAPO, SI MALOTO

Ena amati vutoli ndi la umphawi, palibe chimene tingachite. Ayi, tinachitapo kale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zinthu zinafika poipa kuposa pano. Edzi inkapha ogwira ntchito zaumoyo, anamwino ankapita ku UK mwaunyinji, maboma ena analibe dokotala ngakhale mmodzi. Mu 2004 boma, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, linayambitsa ndondomeko yapadera ya zaka zisanu ndi chimodzi yopulumutsa ntchito zaumoyo. Linaonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito, linakulitsa masukulu, linaitananso amene anasiya ntchito, linabweretsa madokotala ongodzipereka kuti atseke mipata kwa kanthawi. Pofika 2009 madokotala anachoka pa 43 kufika 265, ndipo ogwira ntchito zaumoyo onse anachuluka ndi theka. Ndi zaka zomwezo pamene imfa za amayi zinayamba kutsika mooneka.

Tinaonanso mu 2020. Covid-19 itafika, malire atatsekedwa, ndege zitaima, boma linalengeza msangamsanga kuti lilemba ogwira ntchito zaumoyo 2,000. Eti ndalama zimapezeka akuluakulu akachita mantha! Nanga imfa za amayi, zimene zimachitika tsiku ndi tsiku mwakachetechete, sizikwana kutchedwa ngozi?

KUTOPA SI CHILOLEZO CHOZUNZA

Tisamvane molakwika. Kuimira ogwira ntchito zaumoyo sikutanthauza kuvomereza nkhanza. Pali amayi amene anatukwanidwa ali pa ululu, anamenyedwa mbama pa ntchafu, anasiyidwa okha mpaka mwana kubadwira pansi. Pali amene anauzidwa kuti apereke kangachepe kuti dzina lawo likwere pa mndandanda wa opaleshoni, kapena kuti akaonane ndi dokotala yemweyo ku kiliniki yake madzulo. Mu 2019 ofesi ya Ombudsman, nthawi ya mayi Martha Chizuma, inatulutsa lipoti lotchedwa Woes of the Womb, lofufuza za amayi amene anachotsedwa chiberekero m'zipatala za boma. Lipotilo linaloza kusasamala kwa ena ogwira ntchito, komanso kuchepa kwa anthu ndi zipangizo. Zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo zonse zikufuna yankho.

Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limapatsa munthu aliyense ufulu wa chithandizo choyenera pa uchembere, ndipo limalamula ogwira ntchito zaumoyo kulemekeza wodwala mosasankha. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limaika pa mapewa a boma udindo wopereka chithandizo cha zaumoyo chokwanira. Namwino wankhanza alangidwe. Koma tikamulanga n'kusiya mnzake yekhayekha pa wodi ya amayi makumi anayi, chaka chamawa tidzalembanso nkhani yomweyi.

ZIMENE TIKUFUNA

Choyamba, unduna wa zaumoyo ndi makhonsolo atiuze poyera mipata ya ntchito imene ili yosadzazidwa pa chipatala chilichonse, komanso chiwerengero cha madokotala, ma clinical officer, anamwino ndi azamba amene ali ndi ziphaso koma ali pakhomo. Kenako atipatse ndondomeko ya masiku ake yowalembera ntchito yokhazikika. Makontirakiti a miyezi itatu atitopetsa.

Chachiwiri, lonjezo la ku Abuja likwaniritsidwe, ndipo ndalama zimene aphungu avomereza zizifika m'maboma zonse komanso pa nthawi yake. Bajeti ya papepala siigula mafuta a ambulansi.

Chachitatu, ntchito ya kumudzi ikhale yoti munthu angaikhumbire: nyumba yosadontha, madzi, magetsi kapena sola, alawansi yooneka, lokamu yolipidwa mwezi womwewo, ndi mwayi woyamba wokapitiriza maphunziro kwa amene watumikira kutali. Namwino wamkazi amene akukhala yekha pa chipatala cha kutchire akufunikanso chitetezo usiku.

Chachinayi, ngongole za zipatala za CHAM zizilipidwa msanga, kuti mayi wa kudera kumene kulibe chipatala cha boma asalangidwe chifukwa cha kumene anabadwira.

Chachisanu, andale achotse manja pa kulemba ntchito, kusamutsa anthu ndi kugula mankhwala. Apa ndiye pamene tikugwirizana ndi amene akuti boma lachulutsa kulowerera. Ntchito ipite kwa woidziwa, popanda kalata ya aphungu, popanda chiphuphu, popanda mtsikana kuuzidwa kuti ayambe wagona ndi bwana. Wakuba mankhwala, kaya ndi mlonda kaya ndi wamkulu wa ku likulu, akaonekere kukhoti.

Chachisanu ndi chimodzi, ndalama za boma zimene zimapita pa kutumiza anthu kuchipatala kunja zizilengezedwa chaka chilichonse, ndi njira imene amasankhira opitawo. Tikufuna tione ngati mayi wa khansa wa ku Nsanje ali ndi mwayi wofanana ndi wa nduna.

NANGA IFE TICHITEPO CHIYANI?

Tisangothera kulemba mkwiyo pa Facebook. Chipatala chaching'ono chilichonse chimayenera kukhala ndi komiti ya anthu a m'dera yoyang'anira kayendetsedwe kake. Kodi ya kwanuko mukuidziwa? Muli amayi angati, ndipo amalankhula kapena amangophika tiyi? Lowanimo. Mankhwala akamafika, komiti ili ndi mbali poona zimene zatsitsidwa. M'zipatala za boma munaikidwa ma ombudsman a chipatala olandira madandaulo, funsani ofesi yawo ndipo kadandauleni molemba, musunge kope lanu. Nkhani ikakula, kuli Medical Council of Malawi, kuli Nurses and Midwives Council of Malawi, kuli ofesi ya Ombudsman. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye gulu la amayi lingathe kulemba kalata ku khonsolo kufunsa kuti pa chipatala chathu payenera kukhala anamwino angati, ndipo alipo angati.

Chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo, ndipo bajeti isanapite ku Nyumba ya Malamulo nduna ya zachuma imayenda kumva maganizo a anthu. Mabwalo amenewo amadzaza ndi a bizinesi ovala masuti. Mabungwe a amayi, a mvano, a dawa, a banki m'khonde, tizipezekako kapena titumize mawu athu olemba. Aphungu ndi makhansala akabwera ndi nsalu ndi nyimbo, tiwafunse funso limodzi lokha: chipatala chathu chili ndi azamba angati usiku, ndipo inu mwachitapo chiyani? Akayamba za mlatho, abwezereni pa funso lomwelo.

Kwa inu anamwino, azamba, ma clinical officer ndi madokotala amene mumawerenga tsamba lino, nkhondo yanu ndi yathu ndi imodzi. Mukamapempha anzanu oonjezera ndi malipiro oyenera, tidzaima nanu. Ifenso tikamapempha ulemu pa bedi la leba, muime nafe, ndipo musabise mnzanu wozunza odwala.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene akumva m'mimba pa nkhani iyi ndife, ndipo palibe adzatitsekulire. Tiuzeni m'munsimu boma limene mukukhala, ndipo pa chipatala chapafupi ndi kwanu usiku pamakhala anamwino angati. Musatchule dzina la munthu, tikufuna manambala. Mukatero tumizani nkhaniyi kwa aphungu a dera lanu, ndipo muwauze kuti mukudikira yankho.